Kukonza chassis ya pikapu pakhomo itavulala pokoka galimoto ina

Pikapu ikachita ngozi pokoka galimoto inzake kapena ngolo, maso a mwini wake amathamangira pa bampa yopindika ndi magetsi akumbuyo osweka, pomwe chovulala chenicheni chimakhala chili kunsi, pa chassis. Kuno ku Zomba ngozi zotere zimabwera kawirikawiri m'njira ziwiri. Ina ndi ya pamtsetse, monga potsika msewu wokhotakhota wochokera ku Ku Chawe: galimoto yokokedwa ikakhala kuti injini yake ndi yozima, mabuleki ake amauma chifukwa chipangizo chowathandizira chimadalira injini, motero imathamangira yoikokayo n'kuigunda kumbuyo. Ina ndi ya m'matope a dzinja, m'misewu yadothi yolowera ku Kachulu ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, pomwe dalaivala amamanga tcheni mbali imodzi yokha ya chassis, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, kenako n'kunyamuka mwamphamvu kuti azule galimoto yotitimira. Kugunda kumakankhira chitsulo kutsogolo, kukoka modzidzimutsa kumachitamula kapena kuching'amba pa mabawuti, ndipo kakonzedwe ka zovulala ziwirizi n'kosiyana.

Mapikapu odziwika m'misewu yathu, monga Toyota Hilux, Nissan Hardbody, Isuzu KB ndi Ford Ranger, amakhala pa mitanda iwiri yaitali yachitsulo yochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, yolumikizidwa ndi zitsulo zopingasa. Mtanda uliwonse umakhala wa mphako yotsekeka mbali zonse zinayi, kapena wotseguka mbali imodzi ngati chilembo cha C. Chitsulo chake n'chopyapyala kuposa mmene ambiri amaganizira, nthawi zambiri mamilimita apakati pa 2 ndi 4, ndipo mphamvu yake imachokera ku kapindidwe kake. Katundu akalemera, milomo ya mtanda, wapamwamba ndi wapansi, ndiyo imasenza kukoka ndi kupanikizika kwakukulu, pomwe pakati pa khoma lam'mbali pamapumako. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo ikuuzeni poyenera kuboola ndi kuwotcherera, ndi posayenera kukhudza.

Musanamasule bawuti ngakhale limodzi, jambulani zithunzi za povulala, ndipo ngati ngoziyo inakhudza galimoto ya munthu wina kapena mukufuna kuti inshuwalansi ilipire, yambani mwatenga lipoti la apolisi ndi kudziwitsa kampani yanu, popeza galimoto yokonzedwa kale imavuta kuiweruza. Pezaninso pomwe panadindidwa nambala ya chassis. Malo amenewo musawadule, musawawotcherere, ndipo musawapale ndi galayinda, chifukwa a Road Traffic amayang'ana nambalayo popereka COF, chikalata chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo nambala yosokonezeka imabweretsa mafunso ovuta kuposa mtanda wopindika.

Gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kuyeza, ndipo apa ndi pomwe amakaniko apansi pa mtengo ambiri amalumpha, n'kuyamba kukoka potengera diso. Diso limanama, makamaka pa chitsulo chodzaza matope. Tsukani chassis yonse ndi madzi ndi bulashi yawaya, kenako ikani galimoto pa simenti yosalala, monga m'galaja kapena pakhonde lalikulu. Ikwezeni ndi jeke n'kuikhazika pa masitandi achitsulo anayi ofanana msinkhu, awiri kuseri kwa matayala akutsogolo ndi awiri kutsogolo kwa matayala akumbuyo, kuti tayala lophwa kapena sipuling'i yotopa isakusokonezeni. Njerwa zowotcha ndi mabuloko a simenti musaziyese n'komwe, chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza munthu ali kunsi.

Sankhani malo ofanana pa mitanda yonse iwiri, omwe anapangidwa kufakitale: mabowo ozungulira a pamlomo wapansi, mabawuti a zogwirira masipuling'i, kapena makona a zitsulo zopingasa. Pamafunika malo osachepera anayi mbali iliyonse, kuyambira kutsogolo mpaka kumapeto. Pa malo alionse tsitsani chingwe chokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga, chonga chomwe amisiri omanga amaongolera nacho khoma, mudikire chisiye kugwedezeka, kenako lembani kamtanda pasimenti ndi choko chosongoka kapena pensulo. Mukamaliza mumakhala mwajambula chassis yonse pansi, ndipo mukhoza kuiyeza popanda thanki, ekizozi kapena difu kukutchingirani. Yezani mopingasa ndi tepi: kuchokera pa kamtanda koyamba kumanzere kufika pa kachiwiri kumanja, kenako kuchokera pa koyamba kumanja kufika pa kachiwiri kumanzere. Miyeso iwiriyo iyenera kufanana, ndipo kusiyana kwa mamilimita 3 kapena ochepera n'kovomerezeka. Chitani chimodzimodzi chigawo ndi chigawo mpaka kumbuyo, ndipo lembani manambala onse papepala, chifukwa mudzawafuna nthawi iliyonse mukakoka.

Manambalawo amafotokoza okha chomwe chinachitika. Ngati m'zigawo zonse muyeso wolowera mbali imodzi ndi wautali kuposa unzake, ndiye kuti mtanda umodzi wonse unaseseleka kutsogolo kapena kumbuyo poyerekeza ndi unzake, ndipo zitsulo zopingasa zapendekeka. Ili ndilo vuto lenileni la kukokera mbali imodzi, ndipo pamsewu galimoto yotere imayenda chammbali ngati nkhanu, matayala akumbuyo osaponda m'mapazi a akutsogolo. Ngati kusiyanako kuli m'chigawo chomaliza chokha, ndiye kuti mchira wa chassis ndiwo unakhotera kumbali, ndipo ntchito yake ndi yopepukirapo.

Msinkhu nawonso uyezedwe. Simenti ya pakhomo sikhala yowongoka kwenikweni, choncho gwiritsani ntchito paipi yopyapyala yoonekera mkati yodzaza madzi, yomwe omanga nyumba amapezera nayo levulo, n'kuyerekeza malo ofanana a kumanzere ndi kumanja. Njira ina ndi ya akalipentala: gonekani zitsulo ziwiri zowongoka mopingasa pamwamba pa mitanda, china kutsogolo china kumbuyo, ndipo muziyang'ane muli chapatali maso ali pa msinkhu wake. Zikakhala zosalingana, chassis inapotoka.

Mukatero funafunani ming'alu. Imakonda kubisala mozungulira mabowo a mabawuti a towbar (chitsulo chakumbuyo chokokera ngolo), m'mbali mwa zogwirira masipuling'i akumbuyo, ndi polumikizana mitanda ndi zitsulo zopingasa. Penti wosweka kapena kamzere ka dzimbiri latsopano ndi chizindikiro choyamba. Pamalo okayikitsa palani mpaka chitsulo chiwale, pakani parafini, dikirani mphindi 15, pukutani pouma, kenako fumbirani choko chopera. Parafini wolowa mumng'alu amatulukira n'kujambula mzere wakuda pa chokocho, ndipo nthawi zambiri mzerewo umapitirira pomwe diso limaganiza kuti mng'alu wathera.

Apa muyenera kudziweruza moona mtima, chifukwa si kuvulala konse komwe kungakonzedwe pakhomo. Mtanda wopindika mozungulira, pamtunda wautali, ukhoza kuongoledwa. Mtanda wokwinyika, womwe wapinda kona yakuthwa pamalo aafupi kapena khoma lake lafwanyikira mkati, wataya mphamvu yake, ndipo ngakhale muuongole udzathyoka pomwepo. Chigawo chimenecho chimadulidwa n'kuikapo china chochokera ku galimoto yofanana yophwasulidwa. Kuvulala kwa kutsogolo, pomwe pamamangiriridwa chiwongolero, injini ndi miyendo ya matayala, kusiyireni galaja yokhala ndi benchi yokokera chassis, ngakhale zitatanthauza kuikweza pa lole mpaka ku Blantyre. Chimodzimodzi chassis yopotoka kwambiri, ndi yomwe dzimbiri ladya mpaka hamala ikuboola. Mapikapu atsopano amagwiritsa ntchito chitsulo cholimbitsidwa mwapadera, ndipo opanga ake amatchula m'mabuku awo malo okha omwe amalola kudulapo, choncho pa iwo bukulo ndilo lilamule. Ntchito yoyenera pakhomo ndi ya kumbuyo: mchira wokhota, mabowo a towbar ong'ambika, mng'alu umodzi kapena iwiri, ndi kuseseleka kochepa kwa mtanda.

Kukonzekera kumadya tsiku lathunthu, ndipo palibe chodulirapo. Chotsani bodi yakumbuyo yonse. Imagwidwa ndi mabawuti ochepa, ndipo amuna anayi amainyamula. Chotsani towbar, bampa ndi tayala la sipeya. Thanki ya mafuta imakhala pakati pa mitanda, ndipo iyenera kutsika n'kukaikidwa kutali ndi malo antchito. Thanki ya petulo yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa chomwe chimaphulika ndi mpweya wake, ndipo ya dizilo nayonso musaidalire pafupi ndi moto. Mapaipi a mabuleki ndi a mafuta komanso nthambo zamagetsi zimadutsa m'mbali yamkati ya mtanda, choncho zimasuleni n'kuzikankhira kutali. Pa mapikapu ambiri akale pali kachipangizo kogawa mphamvu ya mabuleki molingana ndi katundu, komangiriridwa pa chassis pafupi ndi difu. Lembani chizindikiro pomwe kanali musanakakhudze. Chotsani batire poyambira ndi waya wa negetivi, ndipo pa injini zoyendetsedwa ndi kompyuta, monga D-4D ya Toyota, zulaninso mapulagi a kompyutayo. Pafupi pakhale chozimira moto ndi ndowa ya mchenga.

Pokoka, lamulo ndi lakuti mphamvu ibwerere m'njira yomwe inadzera, pang'onopang'ono, chitsulo chili chozizira. Ngati mtanda unaseseleka, masulani mabawuti ogwira kabini kuti isalimbane nanu, kenako mangani tcheni buloko mopingasa, kutsatira muyeso womwe unapezeka wautali, kuchokera pa kona ya mtanda umodzi kufika pa kona ya unzake. Tcheni igwire pomwe mtanda wakumana ndi chitsulo chopingasa, ndipo pakati pa tcheni ndi mtanda ikanipo zidutswa za chitsulo cha kona kapena thabwa lolimba kuti isafinye mphako. Kokani pang'ono, gogodani ndi hamala m'makona a zitsulo zopingasa kuti chitsulo chimasuke, masulani tcheni, tsitsaninso chingwe chija ndi kuyeza. Chitsulo chimabwerera pang'ono mukachimasula, motero pamafunika kupitirira muyeso ndi mamilimita ochepa, koma kuchuluka kwake mumakudziwa pokhapokha mwakoka ndi kumasula kangapo. Muyeso wotengedwa tcheni ili yokungika ulibe ntchito.

Mchira wogwera pansi umafuna chitsulo cholemera chowongoka, monga I-beam ya omanga, chogonekedwa kunsi kwa mtanda. Mangani mtanda ku chitsulocho ndi tcheni pomwe kupindika kunayambira, ikani jeke ya botolo pakati pa chitsulocho ndi nsonga ya mtanda, ndipo pakamwa pa jeke pakhale mbale yachitsulo yogawa mphamvu. Anthu ambiri amakonda kumangirira chassis ku mtengo wa mango n'kuikoka ndi galimoto ina. Njira imeneyi ndi kubwereza ngozi yomweyo mwadala, chifukwa palibe amene angayeze mphamvu ya galimoto yonyamuka. Mtengo waukulu ungathandize kokha ngati pogwirira tcheni buloko, ndipo apo pikapu iyenera kumangidwanso mbali inayo kuti isagwe pa masitandi. Tcheni yokungika iphimbeni ndi thumba lonyowa kapena tayala lakale, ndipo pasakhale munthu woima molunjika nayo.

Mmisiri wina adzakuuzani kuti muwotche mtanda ndi gasi mpaka ufiire kuti ufewe. Zoonadi umafewa, koma subwereranso mwakale. Chitsulo cha chassis chikatenthedwa kupitirira madigiri 600 kapena 650, pomwe chimayamba kuoneka chofiira chakuda, mkati mwake mumasintha, ndipo opanga magalimoto ambiri amaletseratu kuongola ndi moto. Choipitsitsa ndi kuthira madzi pa chitsulo chotentha. Ngati mtanda ukukana kuongoka uli wozizira, ukukuuzani kuti chigawocho n'chofunika kusintha.

Kuwotcherera kumabwera miyeso ikakhala bwino, chifukwa msoko umamangirira chitsulo mmene wachipezera. Kumapeto onse awiri a mng'alu, pomwe choko chinasonyeza, boolani kabowo ka mamilimita 4 kapena 5 kuti mng'aluwo usapitirire. Ndi galayinda kumbani ngalande yooneka ngati V motsatira mng'alu, ndipo palani penti, dzimbiri ndi mafuta masentimita angapo mbali zonse. Parafini yense achoke. Waya wa efi wa makina owotcherera mumange pa chitsulo chopalidwa pafupi ndi msoko, kuti magetsi asadutse m'mabering'i a difu kapena giyabokosi.

M'mashopu a hadiweya mumapezeka kwambiri ndodo zowotcherera za E6013, zomwe ndi zabwino pa mageti ndi mafelemu a mawindo, koma pa chassis funani E7018, chifukwa msoko wake ndi wolimba ndiponso wopirira kugwedezeka. Vuto lake n'lakuti imayamwa chinyezi, ndipo chinyezi cha ku Zomba kuyambira Novembala mpaka Epulo chimaiwononga msanga, n'kusiya timabowo ndi timing'alu mumsoko. Gulani paketi yomata, ndipo muitsegule tsiku lantchito. Pa chitsulo cha mamilimita 3, ndodo ya mamilimita 2.5 pa maampeya apakati pa 70 ndi 100 imakwana. Makina a inveta omwe mungathe kusintha mphamvu yake ndi abwino kuposa aja okulungidwa pamanja, ndipo magetsi akakhala ofooka kapena jenereta ikakhala yaing'ono, msoko umangokhala pamwamba osalowa. Yesani kaye pa zidutswa ziwiri za chitsulo chofanana, muzimange pa vaisi n'kuzipinda ndi hamala. Zikathyokera pamsoko, musayandikire chassis. Ngati kuwotcherera kwanu kunathera pa mageti, itanani mmisiri yemwe anaphunzira ntchitoyi, inuyo mukhale woyeza ndi wokonzekera. Palibe chamanyazi pamenepo, popeza msoko woimirira ndi wa chagada umavuta ngakhale kwa ozolowera.

Wotchererani tizigawo ta masentimita 3 kapena 4, mukudumphadumpha ndi kudikira kuti chitsulo chizizire chokha ndi mphepo. Gogodani makoko a pamwamba pa msoko musanapitirize. Mukhoza kufika kuseri, wotchereraninso kumeneko. Pomaliza tsekani timabowo tija, kenako palani msoko ufanane ndi khoma, osadya chitsulo cha mtanda.

Msoko wokha sukwanira. Pamafunika chigamba chachitsulo, ndipo maonekedwe a chigambacho ndi omwe amasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi yothyoka pakatha miyezi yochepa. Chigamba cha makona anayi, chowotchereredwa molunjika kuchokera pamwamba mpaka pansi pa mtanda, chimapanga mzere womwe chitsulo cholimba chimakumana mwadzidzidzi ndi chofewa, ndipo mng'alu watsopano umabadwira pomwepo. Dulani chigamba chosongoka mbali zonse ziwiri, chotambalala pakati ndi kuchepa kumapeto, nsonga zake zili zozungulira, kuti mphamvu izilowa ndi kutuluka pang'onopang'ono. Utali wake ukhale kawiri kapena katatu kuposa msinkhu wa mtanda, ndipo makulidwe ake afanane ndi a mtanda kapena apose ndi milimita imodzi yokha. Chigamba chochindikala kwambiri chimaumitsa malo amodzi n'kusamutsira kuthyoka pambali pake. Musagwiritse ntchito tsamba la sipuling'i yakale, ngakhale limaoneka lamphamvu, chifukwa chitsulo chake chimang'aluka chikawotchereredwa. Mbale wamba yachitsulo ndiyo yoyenera. Boolani mabowo angapo a mamilimita 10 kapena 12 m'chigambacho, kutali ndi msoko wa mng'alu, n'kuwadzaza powotcherera kuti chigwire mtanda ndi pakati pomwe. Misoko ya m'mbali itsatire utali wa mtanda ndi kupendekeka kwa chigamba, ndipo isafike pa kona ya mlomo.

Pa milomo ya mtanda musaboolepo bowo latsopano, ndipo musadutsepo msoko wopingasa pokhapokha mng'alu utafika pamenepo. Zikatero, chigamba chikhale chopindidwa ngati chilembo cha L, chokumbatira khoma ndi mlomo, ndipo misoko yake iyende motsatira utali. Mukamasintha chigawo chonse cha mtanda, dulani mopendekeka pa madigiri 45 m'malo modula molunjika, sankhani malo otalikirana ndi zogwirira masipuling'i, ndipo mumphako lowetsanimo chitsulo chokwana bwino chogwira mbali zonse ziwiri musanatseke msoko.

Pobwezera towbar, yoyamba ija ikakhala yopindika itayeni. Mabawuti onse akhale atsopano, okhala ndi nambala 8.8 kapena 10.9 pamutu, opanda nambala ndi ofewa ndipo amatamuka. Bawuti la M12 la 8.8 limamangidwa pafupifupi 80 Nm pa sipanala yoyezera mphamvu yomangira. Pomwe bawuti likudutsa mumphako ya mtanda, mkatimo mukhale kapaipi kachitsulo kolingana ndi mphakoyo, apo ayi mukamanga nati makoma amafinyikira pamodzi ndipo bawuti limamasuka lokha. Yang'ananinso bawuti lapakati la masipuling'i ndi ma U-bolt, mabawuti opindika ogwira difu ku masipuling'i, chifukwa kugunda kumatha kusuntha difu pa sipuling'i, ndipo galimoto imayendabe chammbali ngakhale chassis ili yowongoka. Yezani kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo mbali zonse ziwiri.

Moto umawotcha penti kunja ndi mkati, choncho pakani penti woteteza dzimbiri wa red oxide tsiku lomwelo, kenako penti wakuda, ndipo mumphako mupoperemo mafuta oteteza dzimbiri, mabowo otulutsira madzi ali otseguka. Bwezerani mapaipi m'zogwirira zake kuti asakhudze chigamba, ndipo ngati munamasula a mabuleki, tulutsani mpweya. Pitani nayo kokayezetsa alayimenti, kenako iyendetseni yopanda katundu pamsewu wowongoka wa tala, mnzanu akukutsatirani kumbuyo kuti aone ngati matayala akutsatana. Katundu muonjezere pang'onopang'ono, ndipo pakatha milungu iwiri ya ntchito lowaninso kunsi ndi tochi, mumangenso mabawuti a towbar ndi ma U-bolt, ndi kuyang'ana penti m'mphepete mwa chigamba. Pomwe wasweka, palani n'kuyesanso ndi parafini ndi choko musanamangirire ngolo.